Kuponya nangula pakati pa makorali ku Tuamotu: tcheni isakodwe bwanji?

Kampasi: Moni akuluakulu. Boti la matanga la mamita 12, tcheni ya 10 mm yotalika mamita 70, ulendo wochokera ku zilumba za Marquesas kupita ku Fakarava, chimodzi mwa zilumba za Tuamotu ku French Polynesia m'nyanja ya Pacific, mu June. Akuti m'zilumba zimenezi pansi pa madzi pali miulu ya makorali (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja) paliponse. Nangula amaponya motani kuti tcheni isakodwe m'miyalayo? Nanga polowera m'thamanda la m'kati, lozunguliridwa ndi makorali, pamavuta nthawi yanji?

Mmalinyero: A Kampasi, yankho ndi kuyandamitsa tcheni. Sankhani malo a mchenga akuya mamita 5 mpaka 8, ponyani nangula pakati penipeni pa mchengawo, mubwerere m'mbuyo ndi injini mpaka agwire. Boya (choyandamitsira) loyamba mangani pa tcheni pamtunda wa kuwirikiza kawiri kuya kwa madzi kuchokera pa nangula: pamadzi a mamita 6, ndiye kuti pa mita ya 12. Chigawo choyambacho chiyenera kugona pansi kuti nangula azikokedwa chogona. Maboya enawo muziika pa mamita 6 kapena 7 aliwonse, lililonse ndi kachingwe kakafupi ndi kokowera kolowa m'diso la tcheni.

Masamu ake ndi awa: tcheni ya 10 mm imalemera pafupifupi makilogalamu 2 pa mita ikakhala m'madzi, ndipo boya lobulungira la masentimita 30 limanyamula makilogalamu 12 kapena kuposerapo pang'ono. Gwiritsani maboya olimba apulasitiki, aja a m'mafamu a ngale. Mafenda ofewa otetezera m'mbali mwa boti amafinyika akamira. Pa mamita 10 mpweya wake umatsala theka, basi amatsikira pansi limodzi ndi tcheni.

Mukapanda kutero, mphepo ikatembenuka boti limazungulira, tcheni n'kukulunga mwala. Pa mamita 40 amene munaponya pamatsala mwina 10 ogwira ntchito, olunjika pansi ngati ndodo. Funde lililonse limakoka mwadzidzidzi, ndipo chimene chimayamba kuthyoka ndi gudumu la kumphuno kwa boti kapena makina okokera nangula. N'chifukwa chake chingwe cha nayiloni cha 16 mm, chotalika mamita 8 mpaka 10, chizikhala chokowekedwa pa tcheni nthawi zonse. Nayiloni amatamuka, tcheni ayi.

Mayi_Thanga: Ndiwonjezere za polowera. Musadalire kwambiri ndandanda ya kudzala ndi kuphwa kwa nyanja. Mafunde akulu ochokera kummwera akamasefukira pamwamba pa makorali, thamanda la m'kati limadzaza, ndipo madzi amatha kutuluka pakhomo tsiku lonse osatembenuka. Madzi otulukawo akakumana ndi mphepo yowomba molimbana nawo, pamaima mafunde otsetsereka oti boti laling'ono silingapyole bwino. Fikani msanga, muyang'ane ndi mabainokyula, mudikire madzi aleke kuthamanga pakhomopo. Khomo la kumpoto la Fakarava, Garuae, ndi lalikulu kuposa onse m'French Polynesia, choncho ndi labwino kuphunzirirapo. La kummwera ku Tetamanu ndi lopapatiza.

M'kati yendani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, dzuwa lili pamwamba kapena kumbuyo kwanu, munthu mmodzi ataima kumphuno atavala magalasi odula kunyezimira. Buluu wakuda ndi pakuya, wobiriwira mowala ndi mchenga, pofiirira kapena pachikasu ndi mwala. Mapu a pakompyuta sasonyeza mulu uliwonse.

Kampasi: Zikomo mayi. Nanga ikakodwa kale?

Mmalinyero: Musalimbane nayo ndi makina, mungowotcha mota. Wina alowe m'madzi ndi magalasi osambirira aone mmene yazungulirira, azilozera ndi dzanja, inu muzitsatira njira yomweyo pang'onopang'ono ndi injini, tcheni ili yolendewera. Ichi ndi chifukwa china chopewera madzi opitirira mamita 10: kumeneko popanda botolo la mpweya n'kovuta kufikako.

Chiwongolero: Chimene sichinatchulidwe ndi mphepo. June mpaka September kumawomba mara'amu, ya kummwera chakum'mawa, nyengo yomweyo imene mwera amavuta pa Nyanja ya Malawi, ndipo imatha masiku angapo. Pothawira pake ndi kungodya ya kummwera chakum'mawa kwa thamandalo, monga ku Hirifa ku Fakarava. Koma isanabwere, mphepo imakonda kudutsira kumpoto ndi kumadzulo, ndipo Fakarava ndi wotalika makilomita 60: mafunde amakula m'kati momwemo, makorali ali kumbuyo kwanu. Onani zanyengo tsiku lililonse, ndipo musamuke kukadali kowala, chifukwa usiku miyala ija siioneka.