Gulu la Banja: za apongozi a Chikondi ku Pune

Chikondi: Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Pune, ku India, sizili bwino. Apongozi anga, amayi ake a Meera, awapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ayamba radiation, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, Lolemba. Meera sakugona, amangoyang'ana mwana wathu Tamanda n'kumalira, akuti mwina mwanayu watengera.

Azakhali: Kalanga ine! Uwapepese, tikuwakumbukira m'mapemphero. Koma matendawa ndi akumtundu?

Chikondi: Adokotala anafunsa ngati pachibale pawo wina anadwalapo. Akulu awo a apongozi anamwalira nayo kumudzi. Kenako anayamba kukamba za majini, ine mutu unangoima.

Malume Faiti: Majini? Ndiye kuchipatala mukutayako nthawi, pitani kwa abusa.

Thoko: A malume 😂 si ziwanda ayi. Majini ndi timalangizo ta m'thupi tomwe munthu amatengera kwa makolo. Achimwene, muuzeni mlamu mtima ukhale m'malo. Khansa imeneyi, pafupifupi yonse, imayamba ndi kachilombo ka HPV komwe anthu amapatsirana pogonana. Mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, ndiyo imabweretsa odwala 70 mwa 100 alionse.

Azakhali: Nanga bwanji yagwira awiri a bere limodzi?

Thoko: Apo ndi pomwe zakumtundu zimalowererapo. Amayi ambiri akatenga kachilomboka thupi limakachotsa lokha zisanathe zaka ziwiri. Ena kamakanirira zaka n'kuwononga khomo pang'onopang'ono. Pali majini otchedwa HLA omwe amathandiza chitetezo cha m'thupi kuzindikira mdani, ndi ina yotchedwa TP53 yomwe imaletsa maselo owonongeka kuchulukana. Ofufuza akhala akuwaunika mwa amayi a ku India, koma zomwe apeza sizigwirizana, dera lina izi, dera lina izo. Komanso achemwali awiri amakula moyo umodzi: kukwatiwa ali aang'ono, kubereka ana ambiri, osayezetsako n'kamodzi komwe. Popanda HPV, majini okhawo sakudwalitsa.

Chikondi: Zoona, apongozi anakwatiwa ali ndi zaka 17, ndipo sanayezetsepo. Anabisa kutaya magazi miyezi yambiri chifukwa cha manyazi.

Thoko: Zomwezo timaziona tsiku ndi tsiku ku wodi. Tamanda ali ndi zaka 10, mubayitseni katemera wa HPV. Mwayi wake, katemera wotchedwa Cervavac amapangidwa ku Pune komweko ndi kampani ya Serum Institute of India. Mlamu naye akayezetse, asadikire.

Malume Faiti: Chabwino. Monga mwini mbumba, ndikuti tisonkhe kangachepe tiwatumizire. Munthuyu anatilandira bwino paukwati, mpunga uja wa tsabola sindinauiwale. Khomo lililonse K20,000, mutumize kwa Thoko pa Airtel Money kapena Mpamba pofika pa 30.

Mphatso: Ine ndilipira pa 28 malipiro akalowa. Koma a malume, tisathere pa ndalama. Pagulu pano tilipo amayi asanu ndi awiri, wayezetsapo ndani? Ine ayi.

Azakhali: Ine pamsinkhu wanga uno kukavulira kamtsikana? Ndiponso akuti amakuthira viniga ngati tchipisi.

Thoko: Azakhali, viniga yemweyo ku Mumbai anamuyesa pa amayi ambirimbiri, ndipo zotsatira za 2013 zinaonetsa kuti imfa zinatsika ndi 31 pa 100. Pamalo podwala pamayera, namwino n'kuona pompo. Mphindi zochepa basi. Amene ali pa ma ARV ndiye asazengereze, chiopsezo chawo n'chochuluka kasanu ndi kamodzi. Sindikutchula munthu.

Mphatso: Tipite limodzi Lachisanu m'mawa, galimoto ndi yanga. Nanga ana? Mwana wanga Yankho sindikudziwa ngati anabayidwa kusukulu.

Thoko: Kuno katemerayu anayamba mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Yang'anani m'buku lake la kuchipatala, mundijambulire.

Azakhali: Mudzanditengere pa siteji 7 koloko. Koma Thoko, ukhale panja iwe, ndisakuone m'chipindamo.

Chikondi: Meera ndamuwerengera zonse m'Chingerezi. Za tchipisi zija waseka, koyamba sabata ino. Tamanda tipita naye Loweruka.