Za giya ya reel ya baitcaster: zowonjezera pa yankho lija

Amene munafunsa reel (chipangizo chokulungira chingwe cha mbedza) imodzi yokwanira kuwedzera nsomba za bass m'madamu a pa phiri la Zomba, tinakuuzani kuti mugule baitcaster (mtundu wa reel yokhala pamwamba pa ndodo yowedzera) ya giya ya 7.1:1. Ena akuti ndi yothamanga kwambiri, ndiye tifotokoze bwino.

7.1:1 ndiye kuti mukapukusa chogwirira kamodzi, spool (gudumu lokulungapo chingwe) izungulira ka 7.1. Koma chofunika kwenikweni ndi utali wa chingwe chimene chimabwera mukapukusa kamodzi: pafupifupi masentimita 75, pomwe ya 6.3:1 imakoka pafupifupi 65. Werengani pa bokosi, popeza ma spool amasiyana kukula. Chingwe chikachepa pa spool, liwiro limatsikanso, choncho dzazani mpaka patsale mamilimita 2 kapena 3 kufika m'mphepete.

Ubwino wa 7.1:1 umaoneka nsomba ikameza nyambo ya pulasitiki n'kuthamangira kwa inu. Chingwe chimakhwepa, ndipo mukachedwa kuchikunga mbedza siilowa. Pa spinnerbait (nyambo yokhala ndi tizitsulo tozungulira m'madzi), ingopukusani mofatsa.

Reel ya 7.1:1 imalephera pa crankbait (nyambo yolimba yooneka ngati kansomba) yomira kwambiri: dzanja limatopa msanga, apo mpofunika ya 5.4:1.

Zoti chingwe chikupiringizika poponya, giya musaiimbe mlandu. Mangitsani buleki ya reel ndi kachitsulo kolimbitsira spool, chala chachikulu chisachoke pachingwe.