Ndodo ya pool yolembedwa Balabushka, mtengo ndiyambire pati?

Wokonza matebulo, Johannesburg:
Abale thandizeni msanga. Kasitomala wandisiyira ndodo ya malemu bambo ake kuti ndimugulitsire, ndiye foni sikupuma. Ndi ya zidutswa ziwiri, mainchesi 58, ma ounce 19, joint (polumikizira zidutswazo) yachitsulo, ma point (zokongoletsa zosongoka za thabwa) anayi, wrap (chokulunga pogwirira) ya linen, shaft (chidutswa chakutsogolo) imodzi yokha. Kumtunda kwa wrap kuli siginecha ya George Balabushka, mmisiri wotchuka wa ndodo za pool. Mwiniwake waona mitengo ya madola masauzande pa intaneti, moti sakumvanso za munthu. Vanishi yang'aluka cha kumunsi, ferrule (kachidutswa koyera ka kunsonga) yachita chikasu. Ndiipale kaye ndiipake ina? Nanga mtengo?

Mdala wa lathe:
Achimwene, siginechayo yathetsa kale nkhani. Balabushka ankapanga ndodo yekha ku Brooklyn kuyambira 1959 mpaka pomwe anamwalira mu 1975, ndipo sichinali chizolowezi chake kulembapo dzina. Za siginecha zinabwera iye atapita kale, zopangidwa mufakitale ya Adam ku Japan dzinalo litatengedwa mwachilolezo. Ndi ndodo yabwino kuseweretsa, koma imagwa pa madola mazana angapo basi.

Wogulitsa zakale, Leeds:
Kaya ndi ya Adam kaya ndi ya ndani, sandpaper ikhale kutali. Ogula ndodo zakale amalipira vanishi yoyamba, ngakhale yong'aluka. Mukapala, ngodya za ma point zimafufutika, thabwa la maple limayera mbuu, ndipo woyesa ndodo sakhalanso ndi poyambira. Linen musainyowetse, imafufuma n'kumasuka. Pukutani ndi kansalu kouma, zithere pomwepo. Tip (kachikopa ka kunsonga) yakale isiyeninso, wogula akasintha yekha.

Mayi wa ma tip ndi ma ferrule:
Musanatchule mtengo yezani izi. Masulani ndodoyo, mugubuduze butt (chidutswa chakumbuyo) payokha pa slate (mwala wa tebulo), kenako shaft payokha, ndiye muzilumikize mugubuduzenso. Nsonga ikamadumpha mutalumikiza pomwe chilichonse payekha chili bwino, vuto lili pa joint: nkhope zake sizikukumana kapena pin (bawuti yolumikizira) inapindika. Kunenepa kwa shaft mukuyeze ndi vernier (chida choyezera mamilimita) pansi pa ferrule. Ndodo za ku America zimatuluka ndi mamilimita 13. Mukapeza 12 kapena kucheperapo, dziwani kuti munthu anaipala kwa zaka, ndipo mtengo watsika kale. Pin ya ndodo zenizeni za Balabushka kawirikawiri ndi ya saizi ya 5/16x14, koma makampani ambiri anatengera yomweyo, choncho payokha siumboni.

Mdala wa lathe:
Mayi, vernier ndi yabwino koma sisintha kanthu apa. Pali siginecha, ndi ya Adam. Mumuuze kasitomalayo lero lomwe asanakongole ndalama podalira ndodo.

Wogulitsa zakale, Leeds:
Madala, n'kutheka mukulondola, komabe munthu woferedwa sakhutira ndi mawu a pakamwa. Achimwene, jambulani zithunzi pa kuwala kwa dzuwa, musayatse flash: ma point onse anayi pafupi, pin, mkati mwa joint ya shaft, butt cap (chotsekera kumapeto kwa butt), ndi bawuti yolemetsa mutachotsa bumper (kalabala ka kumunsi). Bawutiyo musaimasule, mungogumula ulusi wa m'thabwa. Zithunzizo zipite kwa akatswiri a ku America. Pete Tascarella wa ku New York ndi amene anagula zipangizo za mushopu ya Balabushka iye atamwalira, ndipo kalata yochokera kwa iye ogula amailemekeza. Popanda kalata yotere palibe amene angakupatseni masauzande, olo ndodo ikhale yeniyeni. Kuyesako n'kolipira, ndiye kasitomala adziwiretu. Za mtengo, pa eBay onani zimene zinagulidwa kale, osati zimene anthu akuitanitsa. Kuitanitsa aliyense amaitanitsa.

Mayi wa ma tip ndi ma ferrule:
Ferrule yachikasuyo ikundidetsa nkhawa kuposa dzinalo. Ndodo zambiri zakale zili ndi ferrule ya mnyanga wa njovu. Yang'anani ndi galasi lokulitsa: mnyanga umaonetsa timizere topingasana ngati ukonde, pulasitiki imangoti see. Za kubaya ndi singano yotentha musayerekeze, bowolo silichoka. Ikakhala mnyanga, malonda ake a pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 ndi CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera, eBay sailola, ndipo ku Britain lamulo la Ivory Act linayamba kugwira ntchito mu 2022. Phukusi likagwidwa pa kasitomu ndodo yapita, mlandu n'kutsala ndi amene analemba dzina lake pa fomu. Ameneyo ndi inu, osati kasitomala. Thabwa la Brazilian rosewood nalo lili pa mndandanda wa CITES kuyambira 1992, ndiye muonetsetse thabwa la ma point.

Mdala wa lathe:
Zonsezo n'zoona, koma mukuvutikira ndodo ya fakitale. Ya siginecha ndi ya Adam, ndanena.

Wa ma league a blackball (pool ya mipira ing'onoing'ono):
Ndipo kuno kwathu wogula mumupeza kuti? Matebulo a m'mabala, kaya ku Joni kaya ku Ndirande, ndi a mipira ing'onoing'ono ya mainchesi awiri, osewera amafuna tip ya mamilimita 8 kapena 9. Ya 13 inapangidwira mipira ya mainchesi awiri ndi kota. Mukaigulitsa kwa wosewera wamba, mawa lake aipititsa pa lathe (makina opalira ndodo) kuti ichepe, yathera pomwepo. Funani anthu a nine-ball (pool ya ku America) kapena osunga zakale.

Wogulitsa zakale, Leeds:
Mukamatumiza kunja, butt ndi shaft zikulungidwe padera, zilowe mu paipi ya PVC yotseka mbali zonse, zisamagwedere. Inshuwalansi ikhale ya mtengo wonse, ndipo kulemera ndi mamilimita mulembe pa risiti wogula asanalandire, chifukwa ena amabweza shaft ina n'kumati ndi yomweyo. Mgwirizano wa gawo lanu ndi kasitomala ukhalenso wolembedwa.

Mayi wa ma tip ndi ma ferrule:
Pakadali pano musaitsamiritse kukhoma kapena kuisiya m'galimoto padzuwa. Mpweya wa ku Johannesburg umauma kwambiri nyengo yozizira, thabwa limafota, timphete ta pa joint timayamba kumveka ndi chala. Iime chilili m'kesi. Paja kesi yake yoyamba ilipo? Ndipo pansi pa bumper mwaonapo chiyani?