Khadi la apongozi a ku Valencia

Malume: Moni nonse. Chinkhoswe chatsala miyezi iwiri. Makolo a mkamwini wathu Chingerezi samva, ndiye khadi lawo lilembedwe m'Chisipanishi. Iwe wa ku Madrid, tithandize.

Chitsirizira: Ndalemba kale ine pa foni: Queremos invitarte.

Wa ku Madrid: Iii, fufuta msanga! Ka -te kakumapetoko ndi "iwe". Apongozi ungawatchule kuti iwe?

Amayi: Mwana ameneyu atichititsa manyazi.

Wa ku Madrid: Ife woitanidwayo timamuika m'kati mwa mawu: ndikukuitana, ndikumuitana. M'Chisipanishi amamumata kumchira kwa invitar, kutanthauza "kuitana". Mnzako mmodzi, invitarte. Anzako angapo, invitaros. Akuluakulu aulemu ngati awa, invitarles. Likhozanso kutsogola palokha, les queremos invitar, tanthauzo n'limodzi. Koma pa khadi tilembe Tenemos el placer de invitarles, ndi mmene makhadi a ukwati amayambira kuno.

Mkwatibwi: Achemwali, kulinso azakhali ake a ku Buenos Aires ndi ana awo.

Wa ku Madrid: Amenewo invitaros ayi, ku Argentina vosotros, "inu" wa anzako angapo amene amayenda ndi -os, sagwiritsa ntchito. Awo tiwalembere invitarlos.

Azakhali: Ine mutu wazungulira kale. Mungondiuza ndisonkhe zingati za mbuzi.

Malume: Dikirani, achemwali. Mkamwini anandiuza kuti kwawoko munthu akati te invito ndiye kuti alipira ndi iyeyo. Sitikudzimangirira matikiti a ndege pamenepa?

Wa ku Madrid: 😂 Malume, zimenezo n'za khofi kapena mowa pa bala. Pa khadi palibe angaganize za tikiti. Chakudya chokha ndiye inde, n'chathu.

Malume: Chakudya si nkhani, nkhuku zilipo.

Amayi: Pansi pakhale mawu oti "dzakhaleni nafe".

Wa ku Madrid: Acompáñennos. Ma n awiri, chifukwa acompañen amathera n, ndipo nos wamatidwa pomwepo. Kakadontho kopendekeka pa á kasasowe, kamabwera mawu akatalika chonchi. Kanjoka ka pa ñ nakonso. Wosindikiza wa chaka chatha uja anachotsa zonsezi pa khadi la mnzanga, akuti ankayesa litsiro.

Chitsirizira: Ndikaima pambali pake mpaka amalize.

Malume: Usanalipire ujambule, utumize muno, wa ku Madrid aone. Achemwali, za mbuzi ndikuimbirani madzulo.