Mnyamata woimba kiyibodi ndi mipira: n'zenizeni kapena ndi fulashi?

DJ wa pa Boma, Dedza
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi ukwati Loweruka lino kuno ku Dedza, zida ndi zanga, MC ndi wina. Akomiti apeza mnyamata wochokera ku Lilongwe woti asangalatse anthu pakati pa perekani wa akuchimuna ndi kudula keke. Amayala thabwa lalitali pansi, lopentedwa zoyera ndi zakuda ngati kiyibodi, amatenga timipira titatu n'kumatimenyetsa pathabwapo uku akuwakha, nyimbo n'kumalira. Kavidiyo kamene anditumizira pa WhatsApp ndi kokongola, sindikana. Koma kumapeto kwa thabwalo kuli kabokosi kotseka, kotuluka jaki imodzi basi. Ndamufunsa muli chiyani, akuti chinsinsi cha ntchito. Ndati tiyese Lachisanu madzulo, akuti afika Loweruka m'mawa ndipo ayesa akalandira ndalama yotsala. Tcheyamani wandiimbira kuti inu ndinu odziwa zamagetsi, tiuzeni ngati n'zoona, ngati n'zabodza tisataye ndalama. Nanga ine ndidziwa bwanji pa kavidiyo ka pafoni? Ndimugwira bwanji ngati ndi playback, nyimbo yojambula kale yongolira yokha? Ndipo ngati n'zenizeni ndimulowetsa bwanji mu mikisa osachita manyazi? Zikalakwika dzina loipa ndi langa, anthu sasiyanitsa vuto la woimba ndi la wa zimbale.

aMbewe, Ntcheu
Playback imeneyo achimwene. Munthu wokana kuyesa ali ndi chobisa. M'kabokosimo muli kamemori ndi kabatani, iye akungotsatira ndi manja. Auzeni atcheya asunge ndalama zawo.

Wa kiyibodi, Bembeke
AMbewe musathamange. Zinthuzi zilipo mitundu itatu, ndipo umodzi wokha ndiwo bodza lenileni.

Woyamba, chigawo chilichonse cha thabwa chili ndi liwu lake. Mpira ukagwa pa do pamalira do, ukaphonya n'kugwa pa re mumva re. Umenewu ndi wovuta zedi, ndipo nyimbo zake zimakhala zophweka, mudzamvanso akuphonya apa ndi apo.

Wachiwiri ndi umene ndikuganiza kuti mnyamatayu ali nawo. Nyimbo inalowetsedwa kale m'bokosi, manotsi ali pamzere, koma sakutuluka okha. Mpira ukagunda paliponse, bokosi limatulutsa noti yotsatira. Akafulumira nyimbo ifulumira, akaima nyimbo iima. Tonse okhala ndi kiyibodi ya Yamaha PSR-E tili nazo zofanana ndi zimenezi m'nyumba mwathu. Lowani pa Lesson, sankhani Timing, dinani kiyi iliyonse pa nthawi yake, muona kuti ikulira noti yolondola ngakhale chala chalakwa. Pa ma PSR akuluakulu aja pali Any Key, yochita zofananako. Si matsenga ayi.

Wachitatu ndiye wa aMbewe, nyimbo ikungolira yokha iye akunamizira.

Amene muli ndi bandulo fufuzani Dan Menendez pa YouTube, wa ku America, anatchuka ndi masewera omwewa. Mnyamata wa ku Lilongweyu sanayambe ndi iye.

aMbewe, Ntcheu
Ndiye wachiwiriwo wasiyana pati ndi wachitatu? Nyimbo ili kale m'bokosi. Sakuimba iye. Playback basi.

Wa kiyibodi, Bembeke
Wasiyana kwambiri akulu. Pa wachiwiri nthawi ndi yake. Tayesani kumenyetsa timipira titatu pansi osagwetsa, kenaka muchedwetse kamodzi kuti noti italike, mufulumize tiwiri kuti zikhale zazifupi. Manja akangozolowera, timipira timafuna kuyenda mofanana, tha tha tha tha. Kuti aswe kayendedwe kameneko n'kutulutsa nyimbo yoti agogo aizindikire, pamenepo ndi pamene pali luso. Wa ng'oma sasankhanso do kapena re, koma palibe anganene kuti sakuimba.

Nangozo MC
Ine za mabokosi sindizidziwa, koma mverani za anthu. Ndinayendetsapo chinkhoswe cha kumtunda ku Tsangano, kunabwera mnyamata woponya mabotolo ndi zipewa, wopanda thabwa, ankangotsatira nyimbo ya DJ. Anachita bwino moti azakhali ena a kuchikazi anayamba kunong'ona kuti si manja okha amenewo, ali ndi chizimba. Mawu anayenda, ena anayamba kukoka ana awo kuwachotsa kutsogolo. Perekani wotsatira anazizira, ankhoswe kundiyang'ana ine ngati ndine ndamubweretsa. Chinatipulumutsa n'choti mnyamatayo anaitana kamwana, anakapatsa mbatatesi ziwiri za kukhitchini n'kukaphunzitsa pomwepo. Anthu ataona kamwanako kakugwetsa, kutola, kugwetsanso, kenaka kukwanitsa pang'ono, anaseka mitima n'kukhala pansi. Ndiye achimwene, MC wanu anene poyera kuti awa ndi masewera ophunzira. Asadzayerekeze kunena kuti taonani zodabwitsa za kunja. Kwathu kuno mawu amenewo amabala zina.

DJ wa pa Boma, Dedza
Achemwali mwanena zoona, MC ndimuuza. Koma atcheya akudikira yankho lero. Ndiwayankhe chiyani?

Wokonza mawailesi, Lizulu
Muimbireni pa vidiyo, osati akutumizireni yojambula kale. Atenge mpira umodzi augwetse pamalo amodzimodzi kangapo. Likamalira liwu lomwelo, ndi mtundu woyamba. Akamasintha manotsi ngati nyimbo ikuyenda, ndi wachiwiri. Pakapanda kulira kanthu, kapena nyimbo ikayamba n'kumapitirira mpira uli m'manja, aMbewe apambana. Bokosi sakufunika kutsegula, chinsinsi chake chikhala chake. Akakana ngakhale zimenezi, pamenepo ndiye mukayike.

Koma musaweruze ndi kavidiyo kuti mawu akuchedwa kapena akutsogola. Mavidiyo oyenda m'magulu amasokoneza mawu ndi chithunzi.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa ine si chimenecho. Ngati n'zenizeni, pansi pa thabwalo pali ma piezo, tizitsulo tozungulira tonga tija timalira m'mawotchi. Timamva kugunda kulikonse, sitidziwa kuti uwu ndi mpira, iyi ndi bezi. Mukaika thabwa lake pa steji ya matabwa limodzi ndi bezi bini yanu, sipika yaikulu ya bezi ija, ng'oma ya kiki ikangogunda bokosi lake lizidumpha manotsi lokha. Nyimbo idzatha iye ali pakati. Anthu adzati wabodza, chonsecho wamulakwira ndi sipika yanu. Thabwa likhale pa simenti, bezi kutali, ndipo pa nthawi yake tsitsani zonse.

DJ wa pa Boma, Dedza
Simenti ilibe. Holo inali itatengedwa kale, tili mu tenti pa kapinga.

Wokonza mawailesi, Lizulu
Ee, ndiye vuto ndi limenelo. Mpira sudumpha pa thabwa logona pa udzu, limamira n'kumeza mphamvu yonse. Iye akudziwa kuti ndi pa kapinga?

DJ wa pa Boma, Dedza
Sindikhulupirira kuti akomiti amuuza.

aMbewe, Ntcheu
Ndiye mudzaona zimene ndikunena. Mipira idzakana kudumpha nyimbo ikulirabe bwinobwino. Ine ndinaimikapo zida pa mpikisano wa makwaya kuno, kwaya ina inabwera ndi mnyamata wa kiyibodi wovina ndi mapewa, zala zikuthamanga. Magetsi atathima n'kuyakanso, kiyibodi inayamba yokha nyimbo kuchokera poyamba iye ali chiimire akumwa madzi. Tchalitchi chonse chinaona. Kuyambira pamenepo chinthu chokhala ndi memori sindichikhulupirira. Zulani chingwe pakati pa nyimbo muone.

Wa kiyibodi, Bembeke
AMbewe, mukazula chingwe mitundu yonse itatu ikhala chete. Mwayesa chiyani pamenepo? Ndipo kuzula chingwe cha munthu pamaso pa akwati ndi kumuphera ntchito.

Madala wa Gitala, Mtakataka
Ana inu mwandikumbutsa kale. Ife tinkaona anthu a banjo ya chigubu, phazi likumenya ng'oma, pakamwa pali wezulo, munthu mmodzi. Palibe ankafunsa ngati n'zenizeni chifukwa zonse zinali poyera, waya ukaduka umauona. Vuto la masiku ano ndi bokosi lotseka. Ine ndikanakhala mnyamatayo ndikanaika malata ndi mapoto a makulidwe osiyana pansi, mpira uzigunda anthu azimva ndi makutu awo, maiki imodzi pambali. Mkangano wonsewu sukanakhalapo. Koma ndinene ichi: musamunyoze mwanayo musanamuone. Kuwakha timipira titatu kokhako kumadya miyezi. Tili ndi achinyamata ochepa amene akuyesa zachilendo, tikawathamangitsa tidzatsala ndi ovina okhaokha.

Nangozo MC
Bambo mwalankhula. Komanso a DJ, musamuike nthawi imene anthu akuponya ndalama. Adzamuzungulira, wina adzamuika ndalama pachipumi, mipira idzabalalika pansi pa mipando, ana n'kuyamba kulimbirana. Mbale ya perekani wake ikhale patali, asungichuma aime pamenepo. Ndipo mugwirizane lero kuti ndalama zoponyedwa pa nthawi yake ndi za ndani, zake kapena za akwati. Nkhani imeneyi ndinaiona ikuyambanitsa anthu kuseri kwa tenti, keke isanadulidwe n'komwe.

Wokonza mawailesi, Lizulu
Za kapinga: pezani chitseko cholimba chopanda mphako, kapena ma slab a simenti aja a m'njira, muyale pamalo osalala, thabwa lake pamwamba. Lisagwedere ngakhale pang'ono. Koma ayese yekha, chifukwa kadumphidwe kakasintha manja ake asokonezeka.

Polumikiza musalole Bluetooth, ngakhale atanena kuti ndi mmene amachitira. Imachedwetsa mawu, mpira ugunda liwu libwera pambuyo, anthu aona ngati akunamiza. Chingwe basi. Jaki yakeyo ikakhala ya wamba ndipo mikisa ili kutali, idzalira hamu, kaphokoso kong'ung'udza kaja, makamaka pa jenereta. Pitsani pa DI, kabokosi kothandiza kuthetsa phokosolo, n'kupita ndi XLR, chingwe chonga cha maiki. Mumupatsenso monita, sipika yoti azidzimvera yekha, pafupi ndi mapazi koma yosakhudza thabwa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye okhala mamita 30 kumbuyo amawalandira atachedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Diso limaona kusiyanako. Okhala kumbuyo ndi amene adzayambe kunena kuti n'zabodza, ngakhale zili zoona.

aMbewe, Ntcheu
Zonsezi mukuvutikira playback. Ma slab, DI, monita, ndani alipira? Mtengo munagwirizana ndi akomiti unali wa zimbale ndi maiki ziwiri.

DJ wa pa Boma, Dedza
Apo pokha aMbewe mwalasa. Palibe anatchula zowonjezera.

Wa kiyibodi, Bembeke
Mvetseraninso kavidiyo kaja bwinobwino. Werengani kugunda kwa mipira ndi manotsi amene akumveka. Ngati mukumva makodi, bezi ndi ng'oma pamene timipira ndi titatu, ndiye kuti pansi pali nyimbo yoperekeza, iye akuwonjezera mutu wa nyimbo pamwamba. Zimenezo si zachilendo, oimba ambiri amene timawaimikira zida amabwera ndi fulashi ya zing'wenyeng'wenye n'kuimba pamwamba. Chofunika atcheya adziwe chimene akugula. Muwauze kuti manja ndi ake, nthawi ndi yake, manotsi mwina ndi a bokosi. Asankhe okha. Musadzitengere mlandu wonena kuti n'zoona kapena n'zabodza.

aMbewe, Ntcheu
Manotsi a bokosi. Mwavomera nokha.

Mphunzitsi wa masewera, Linthipe
Ndalowa mochedwa. Chimodzi chimene simunatchule ndi kuzizira. Mwezi uno ku Dedza dzuwa likangopendeka zala zimauma, ndipo munthu wochokera ku Lilongwe sadziwa mphepo ya pansi pa phiri lija. Ana anga a masewera olimbitsa thupi amagwetsa zinthu zimene masana amazigwira bwinobwino. Mumuike dzuwa likadalipo, ndipo apeze potenthetsera manja. Magetsi anu othwanima aja muzimitse, asamuwalire m'maso. Fumbi nalonso, mipira yake ikagwa pa dothi imaterera, pakhale kansalu konyowa pafupi.

Madala wa Gitala, Mtakataka
Kuno kunsi kwa phiri vuto ndi thukuta, kumtunda kwanuko ndi chisanu. Tinakaimbapo ku Bembeke mu July, mawaya a gitala anakana kukhazikika usiku wonse, ine chala chosamva fureti. Aphunzitsi akunena zoona.

Nangozo MC
A DJ mwamuimbira? Wagwetsa mpira uja?

aMbewe, Ntcheu
Sangayankhe foni ameneyo. Mudzandiuza Lolemba.

Wa zida, Chimbiya
Pepani kulowerera, poti mwatchula DI. Alipo ali nayo yobwereketsa pakati pa Chimbiya ndi Dedza? Yanga inapsa ndi jenereta ya eni mwambo, ndipo ndili ndi chinkhoswe ku Lobi Lamulungu. Ndibweza Lolemba m'mawa pa minibasi.

Wokonza mawailesi, Lizulu
Ndi ya batire kapena yopanda? Ngati ndi yopanda bweretsani ndiione, kawirikawiri chimaduka ndi waya wa pa soketi, thiransifoma yake siifa msanga. Ndimatsegula 7 koloko, koma tsiku la msika musabwere, sindipeza mpata.