Younoussa Bamana wa ku Mayotte: anakaniranji ufulu?

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Abale, ndithandizeni. Dzina la Mayotte ndinayamba kulimva mu Disembala 2024, namondwe wa Chido atasakaza kumeneko asanafike ku Mozambique ndi kwathu kuno. Powerenga ndapeza kuti Comoros imati chilumbachi n'chake, koma wolamulira ndi France. Ndiye pali bambo Younoussa Bamana, mphunzitsi ngati ine, amene anatsogolera khonsolo ya chilumbachi zaka zoposa 20. Chikundisowetsa mtendere n'ichi: mwana wa mu Africa angalimbikire bwanji kukhala m'manja mwa atsamunda pomwe anzake akulandira ufulu?

Gogo Chisale:
Aphunzitsi, musafulumire kuwaweruza. Nkhaniyi inayambira pa likulu. Kale likulu la zilumba zonse zinayi za Comoros linali ku Dzaoudzi, ku Mayotte komweko, kenako analisamutsira ku Moroni, pa chilumba china. Ntchito zinapita, amuna ogwira m'boma anapita, amayi n'kutsala ndi ana. Amayiwo, motsogozedwa ndi Zéna M'Déré, ankazungulira akuluakulu a boma ochokera ku Moroni n'kumawagirigisha mpaka athawe! Bamana anayima ndi amayi amenewa. Pa voti ya 1974 zilumba zitatu zinasankha ufulu, Mayotte inakana, ndipo mu 1976 inakananso. Ankaopa kuponderezedwa ndi abale awo kuposa mzungu wa kutali. Bamana anamwalira mu 2007, osaona chimene anachivutikira, poti chilumbachi chinadzakhala chigawo chenicheni cha France mu 2011.

NaBanda ku Nampula:
Gogo, ndakumvani, koma ine sindikuvomera. Voti ija inali ya dziko limodzi, France ndiyo inawerenga chilumba chilichonse pachokha. Mpaka lero mbendera ya Comoros ili ndi nyenyezi zinayi, zoimira zilumba zinayi zija. Chimene chimandipweteka ndi visa ya 1995. Munthu wa ku Anjouan, chilumba cha Comoros chimene chili pa mtunda wa makilomita 70 okha kuchokera ku Mayotte, sangakaone mlongo wake popanda chilolezo, ndiye amakwera timaboti ta kwassa-kwassa usiku, ambiri n'kuthera m'nyanja. Ndale za a Bamana zinabala zimenezonso.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Zikomo nonse. Za amayi ogirigisha zija sindinkazidziwa n'komwe. Mayi NaBanda, mawu anu andilasa, chifukwa nane ndili ndi azakhali kutsidya ku Milange, ndipo ndimakawaona pa njinga. Sabata yamawa ndipita ndi mapu m'kalasi ya Fomu 3, ana akaone okha kuyandikana kwa Anjouan ndi Mayotte.