Funso: Akakowa akutuluka oyera mbee, nthenga sizikuoneka. Ndisinthe chiyani?

Wa ku Liwonde:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Ndikujambula akakowa ndi achimeza m'mbali mwa Shire ndi kamera ya Nikon D3500, lenzi ya 70-300mm yopanda VR (kachipangizo kochepetsa kugwedera kwa chithunzi), pa Auto. Mavuto alipo awiri. Kakowa woyera uja akutuluka ngati pepala, nthenga osaoneka ngakhale imodzi, pomwe bango la kumbuyo laoneka bwinobwino. Kenako akamajompha nsomba, mutu umatuluka wachimbuuzi. Kodi ndisunge ndalama ya lenzi ina, kapena pali pokonza?

Wa ku Zomba:
Achimwene, lenzi isiyeni kaye, ilibe mlandu. Kamera ikakhala pa Auto imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Bango ndi madzi zoderapo zatenga malo ambiri, mbalame yatenga kamalo kochepa, ndiye kamera imawonjezera kuwala kuti bangolo lioneke, nthenga zoyera zija n'kupsa. Zikapsa sizibwereranso, ngakhale mutakonza motani pa kompyuta.

Chokani pa Auto, ikani pa S, pamene mumasankha nokha liwiro la shutter (nthawi imene kamera imatsekuka kulowetsa kuwala). Dinani kabatani ka +/- kamene kali pafupi ndi kojambulira, muzungulize kagudumu mpaka pa -1 kuti kuwala kuchepe. Dzuwa likakwera tsitsani mpaka -1.7. Mu menu, pa Playback display options, yatsani Highlights. Mukajambula, pamene papsa pazithwanima. Pakathwanima pa msana kapena pa khosi la mbalame, tsitsaninso. Pakathwanima pa madzi pokha, musadandaule. Muzijambulanso mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula), chifukwa bango lodera limatheka kuliwalitsa pambuyo pake popanda kuwononga mbalame.

Koma musaiwale kubweza. Chimeza wotuwa akauluka, kumbuyo kwake kukhale thambo lowala, zinthu zimatembenuka: kamera imachepetsa kuwala, mbalame n'kutuluka bii. Pamenepo pafunika +1.

Wa ku Mangochi:
Za chimbuuzi. Mbalame ikaima chilili, shutter ya 1/500 ya sekondi ikwana, ndipo poti lenzi yanu ilibe VR musatsike pamenepo mukakhala pa 300mm. Pojompha nsomba khosi limathamanga kwambiri, pafunika 1/2000 kapena kuposa. Pouluka 1/1600 ndi yokwanira, mapiko a mbalamezi amakupiza pang'onopang'ono. Focus ikhale pa AF-C (yotsatira chinthu chikamayenda), kadontho ka focus kamodzi kokha, ndipo mukaloze pa diso kapena pa mutu. Mukasiya madontho onse 11, kamera imagwira bango limene lili kutsogolo. Ikaninso pa Continuous (kujambula motsatizana), kamera yanu imatulutsa zithunzi 5 pa sekondi.

Muiwerenge mbalameyo. Ikaona nsomba imasiya kuyenda, imaweramitsa thupi pang'onopang'ono, mlomo kuloza m'madzi. Yambani kudina nthawi imeneyo. Mukadikira kuti muone madzi akuthovoka, mwachedwa kale. Ikagwira nsomba musasiye: imaitembenuza kuti iimeze kuyambira kumutu, ndipo chithunzi chabwino nthawi zambiri chimakhala pamenepo.

Wa ku Liwonde:
Zikomo kwambiri mabwana. Nanga pa 1/2000 m'mamawa ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) siikwera mpaka chithunzi kudzaza timadontho?

Wa ku Zomba:
Ikwera ndithu. Yatsani Auto ISO, malire muike pa 3200. Mpaka 1600 kamera imeneyi imatulutsa zabwino. Timadontho timachotseka pang'ono pokonza, koma mutu wogwedera palibe angaukonze.

Mayi wa ku Salima:
Ine pa za S ndisiyana nawo pang'ono abambo a ku Zomba. Mbalame ikamayenda kuchoka pa bango kupita pa madzi owala, kamera imasinthasintha yokha pomwe dzuwa limene likuomba mbalameyo silinasinthe. Dzuwa likakhala lopanda mitambo, ikani pa M (pamene mumasankha zonse nokha), muzimitse Auto ISO: yambani ndi ISO 400, f/8 (kukula kwa bowo la lenzi), 1/2000, jambulani chimodzi, onani Highlights, konzani, basi. Lenzi zoterezi zimathwanso bwino pa f/8 kuposa pa f/6.3.

Komanso chimbuuzi china si cha kamera. Ikangodutsa 9 koloko, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wa pamwamba pa madzi ndi mchenga umanjenjemera ndi kutentha, ndipo mbalame ili pa mamita 40 singathwe ngakhale lenzi itakhala yodula bwanji. Jambulani dzuwa litangotuluka mpaka cha m'ma 8, kapena kuyambira 4 madzulo, dzuwa lili kumsana kwanu. Ndi 300mm muyesetse kukhala pa mamita 15 mpaka 20. Musaitsatire mbalame, ithawa. Khalani pansi pamene imakonda kudyera, mutavala zosawala, ibwera yokha. Kamera itsike kufika pa msinkhu wa diso lake, kuti kumbuyo kufewe. Mpunga kapena nyemba makilogalamu 2 m'kathumba ka nsalu zimagwira lenzi bwino pa mwala kapena pa zenera la galimoto. Mbalame imanyamuka moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, choncho mphepo ikakhalanso kumsana kwanu idzaulukira cha kwa inu.

Wa ku Nsanje:
Malangizo okhala pansiwo ndi abwino, koma mwanena Shire. Muli ng'ona ndi mvuu mmenemo, ndipo munthu amene diso lili mu kamera saona za m'mbali. Musagone pa gombe penipeni, musalowe m'bango, mukhale ndi mnzanu woyang'ana madzi. Mu Liwonde National Park jambulirani m'boti kapena m'galimoto, injini itazima, chifukwa kunjenjemera kwake kumafika mu lenzi. Goliath heron, chimeza wamkulu uja wamtali pafupifupi mita ndi theka, amadzaza chithunzi ngakhale ali patali. Pophunzira, yambani ndi akakowa otsata ng'ombe kudambo kapena a m'minda ya mpunga, anazolowera anthu.

Chonde, mitengo imene amangamo zisa muziionera patali. Makolo akabalalika, akhwangwala amatola mazira nthawi yomweyo, ndipo anapiye amapsa ndi dzuwa.

Wa ku Mangochi:
Mukamaika pagulu pano, chepetsani chithunzi mbali yaitali ikhale 2048 pixels, apo ayi Facebook ichifinya yokha nthenga zija n'kufufutika. Mulembenso shutter, f ndi ISO pansi pake kuti tione pamene patsala.